Makina Anga Sanaone Masamba Pamsewu

Tatsekani kaye malaputopuwo. Inunso achimwene a jekete yofiira kumbuyoko, ndikukuonani, mwangoweramitsa chivundikiro koma maso akadali momwemo. Kuyambira m'mawa mwakhala mukuphunzira mmene kompyuta ingamakusonkhanitsireni manambala yokha, kuwerengera yokha, n'kumatumiza mauthenga kwa makasitomala inu muli phee kunyumba. Ndimakuonani mukuomba m'manja. Inenso ndinaombapo chomwecho, mwina kuposa inu. Andipempha kuti ndiyankhule mwachidule, koma ndikuuzirenitu kuti nkhani yanga si yaifupi, ndipo mpaka lero ndikamaifotokoza ndimapsa mtima. Wondipsetsa mtimayo si wina, ndine ndemwe.

Dzina langa ndine Gelevaziyo, kwathu ndi konkuno ku Bembeke. Ndinakwatira kumudzi wina m'mphepete mwa nkhalango ya Chongoni, mkazi wanga ndi Nambewe. Ndinaphunzira za makompyuta ku Lilongwe, n'kugwirako ntchito pakampani ina yokonza malipoti a malonda. Ntchito itatha ndinabwerera kumudzi ndi laputopu imodzi komanso matama odzaza thumba.

Nditafika ndinaona zomwe nonse mumaziona. Alimi athu amalima mbatata ya kachewere yabwino, koma amakaitaya kwa mavenda pa Chimbiya pamtengo wolira nawo, pomwe mu Lilongwe mahotela ndi okazinga tchipisi akuisakasaka. Ndinatsegula kaofesi pa Chimbiya pomwepo n'kuyamba kulumikiza alimi ndi ogula. Mudzi uliwonse unali ndi mtsogoleri wake, amene ankanditumizira uthenga pafoni kuti sabata ino alimi ake akumba matumba angati. Ine n'kutumiza lole yahayala kukanyamula.

Mudzi woyamba kundikhulupirira unali wa kwawo kwa mkazi wanga, ndipo zinatheka chifukwa cha munthu mmodzi, a Kanyoza, atsibweni ake a Nambewe, eni mbumba. Iwo anali a gule, ine Mkatolika wa kolona m'khosi, koma tinkamvana ngati tinakulira nyumba imodzi. Anayenda khomo ndi khomo kuuza anthu kuti, "Mkamwini wathuyu tamuyeseni. Akatinamiza, si tikudziwa kumene amagona?" Ankatero akuseka. Iwowo ndi amene anakhala mtsogoleri wa alimi a m'mudzimo, ndi kafoni kawo ka mabatani komanga ndi mphira.

Bizinesi inakula. Midzi inachuluka, kuchokera ku Chongoni mpaka kumtunda kuno. Mauthenga ankabwera mosalekeza, ine kumakopera limodzilimodzi, kwinaku magetsi azima, kwinaku netiweki yathawa. Nditatopa ndinapanga pulogalamu. Inkalandira mauthenga a atsogoleri, kuphatikiza matumba, kusankha mudzi woti lole ipiteko, kuuza dalaivala, kuuzanso ogula kuti ayembekezere katundu wochuluka bwanji. Pa sikirini pankaoneka midzi yonse, wobiriwira ndiye kuti zili bwino, wofiira ndiye kuti pali vuto, ndipo pamwamba pake panali nambala yaikulu ya matumba onse pamodzi. Musamve ngati ndikunyoza makina. Pulogalamuyo inkagwira ntchito, ndipo mbatata inasiya kuolera m'mbali mwa minda.

Vuto linayamba ndi malamulo amene ndinaikamo. Panali alimi ena okonda kulonjeza matumba kenako n'kugulitsa mwamseri kwa venda, lole n'kupita pachabe, mafuta n'kupsa. Tsiku lina nditakwiya ndinakhala pansi ndekha n'kulemba lamulo: mudzi umene lole idzabwereko yopanda kanthu katatu, alimi ake onse achotsedwe, ndipo aliyense alandire uthenga womudziwitsa. Uthengawo ndinaupeka ndekha, n'kuusalaza bwinobwino kuti umveke waulemu. Ndinaikanso kuti mtsogoleri akakhala chete osatumiza kanthu, pulogalamu izingoyerekeza potengera masabata apitawo n'kutumiza lole basi. Chimenechi ndiye ndinkachinyadira kwambiri. Sindinafunse mlimi, sindinauze mtsogoleri, ngakhale mkazi wanga sankadziwa kuti muli lamulo lotere.

Dalaivala wathu anali a Sandalamu, bambo wachikulire wofatsa. Pafoni pawo ndinawaikira mabatani awiri okha. Akafika pamudzi azidina lakuti "Ndanyamula" kapena lakuti "Palibe katundu", ndipo akapanda kudina, foni siiwauza mudzi wotsatira. Tsiku lowaonetsa anayang'ana mabataniwo nthawi yaitali.

"Bwana, nanga mlatho ukakokoloka ndidina liti? Nanga kukagwa zovuta?"

"A Sandalamu," ndinatero ine, "inu ntchito yanu ndi chiwongolero. Zoganizazi asiyireni makina."

Ndinayankha choncho munthu woti akhoza kundibala. Iwo anangoti chabwino, n'kuvala chipewa chawo.

Makina atayamba kudziyendetsa okha, ine ndinasowa chochita. Paja mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Ndinayamba ndi botolo limodzi pa Chimbiya podikira lole. Kenako Lachisanu lililonse ku boma. Kenako Lilongwe, kumanamizira kukaona makasitomala, kumakhala kumeneko sabata yathunthu. M'bala ndinkatulutsa foni kuonetsa anzanga, "Taonani, ine ndikumwa pano koma lole yanga ili pamsewu." Anzangawo ankanditcha bwana wa rimoti, ine kumamva kukoma n'kumawagulira wina. Mafoni a alimi ankandisokoneza, choncho ndinatchera kuti aliyense woimba pa nambala yanga azilandira yankho lokonzeratu lakuti, "Ndili pamsonkhano, ndikuimbirani." Ndinagula simukhadi ina ya anzanga akumowa, ndipo nambala imeneyo Nambewe sankaidziwa.

A Kanyoza anadwala nthawi yokumba. Nambewe anandiuza maso ndi maso, n'kutenga ana kupita kwawo kukadwazika matenda. Ndinamuuza kuti ndibwera Loweruka. Loweruka lake ndinakwera minibasi ya ku Lilongwe. Matenda atakula anawagoneka kuchipatala, abale ali uku ndi uku, ndipo m'mudzimo munalibe woitanitsa anthu kuti akumbe kapena wotumiza uthenga. Pulogalamu yanga yanzeru ija inaona kuti mtsogoleri ali chete, inayerekeza matumba, inatumiza lole. Lole inabwerako yopanda kanthu. Sabata yotsatira chimodzimodzi. Mudziwo unafiira pa sikirini, koma ine ndinkangoyang'ana nambala yaikulu ya pamwamba ija, ndipo inali yobiriwira chifukwa midzi ina inkadzaza lole. Kutsikira m'munsi ndi chala kamodzi kokha kukanandiuza zonse, koma dzanja linali litagwira botolo.

A Kanyoza anatisiya, ndipo tsiku loika maliro linali Lolemba. M'mawa wa Lolemba lomwelo pulogalamu inatumizanso lole kumudzi kuja. A Sandalamu atafika pokhotera anapeza masamba ataikidwa pamsewu, ng'oma za gule zikumveka chapatali. Nonse mukudziwa tanthauzo la masamba pamsewu. Wapanjinga amatsika, wagalimoto amachepetsa liwiro, wawailesi amazimitsa. Iwo anaimika lole patali, anavula chipewa, anapita kukakhala pansi pamodzi ndi amuna anzawo. Anandiimbira, n'kulandira yankho lija lakuti ndili pamsonkhano. Kumudzi wina mbatata inali itakumbidwa kale ikudikira padzuwa, ndipo foni sinkawauza kolowera mpaka adine batani. Anadina lakuti "Palibe katundu", chifukwa katundu panalibedi. Za lamulo la katatu sankazidziwa, popeza ndinali ndisanauze munthu.

Zimene zinachitika m'nyumba ya siwa anandifotokozera Nambewe patapita nthawi yaitali, ndipo anafotokoza kamodzi kokha. Amayi anali atadzaza m'nyumbamo, bokosi lisanatuluke. Kafoni ka malemu kanali pamiyendo pa akazi awo, a Naphiri. Kanalira. A Naphiri maso anali atatupa, choncho anapatsira Nambewe. Iye anali atandiimbira kosawerengeka, ndipo anthu anali atayamba kunong'onezana kuti kodi mkamwini uja ali kuti. Ataona dzina la bizinesi yathu pafonipo, mtima wake unakhala pansi. Anaganiza kuti uthenga wa maliro wandipeza, ndipo ndatumiza mawu opepesa ndili panjira. Anauza amayiwo kuti, "Ndi bambo a kunyumba awa, atumiza mawu." N'kuyamba kuwerenga mokweza asanaone zomwe zinali kutsogolo.

"Okondedwa a Kanyoza, mwalephera katatu kupereka mbatata monga tinagwirizana."

Anaima pomwepo. Koma kuima kwake sikunathandize, chifukwa panja mafoni anali atayamba kulira m'matumba mwa amuna, ya uyu, ya uyo, ya adzukulu omwe, mlimi aliyense wa m'mudzimo kulandira uthenga womwewo ndi dzina lake.

Ine nthawi imeneyo ndinali m'bala ku Lilongwe, dzuwa likuswa mtengo, ndikukangana ndi anthu za mpira.

Amene anandipeza ndi a Sandalamu, patapita masiku. Anafunsa mabala onse a kufupi ndi kumene tinkatsitsira katundu mpaka anandiona. Sanakhale pansi. Anaika makiyi a lole patebulo pambali pa botolo langa, n'kunena kuti, "Bwana, apongozi anu tinaika Lolemba. Batani lanu lija ndinadina ndine, ndipo sindikugona nalo tulo. Pezani wina."

Munthu wanzeru akanathamangira kumudzi tsiku lomwelo. Ine manyazi anandigwira, ndinaitanitsa botolo lina. Nkhani inayenda m'midzi mwaliwiro loposa netiweki yathu ya kuno. Atsogoleri anasiya kutumiza mauthenga mmodzimmodzi, ndipo pulogalamu, pomvera lamulo langa lija, inapitiriza kuyerekeza n'kumalonjeza mahotela mbatata yoti kulibe. Ogula anatopa nane. Mwini lole anatenga lole yake. Ndinatsika kuchoka pa mowa wa m'botolo kufika pa kachasu, kumagona mu kaofesi kaja pa masaka opanda kanthu, kuzizira kwa ku Dedza kuno mukukudziwa. Nambewe sanabwerere. Anangotumiza mawu kudzera kwa ankhoswe kuti iye ndi ana akhala kwawo.

Ndipo musaganize kuti ndinkadziimba mlandu. Ndinkanyoza netiweki. Ndinkanyoza a Sandalamu kuti anadiniranji. Ndinkanyoza alimi kuti samvetsa zinthu zamakono. Tsiku lina nditaledzera ndinafika ponena pagulu kuti malemuwo anadwaliranji nthawi yokumba. Mawu amenewo anatuluka pakamwa panga pano.

Achimwene anga aakulu, amenenso ndi nkhoswe ya ukwati wanga, anabwera m'mawa wina pa njinga, mbuzi ili pakaliyala. Anandiyang'ana pa masaka paja n'kupukusa mutu.

"Gele, maliro sunapite. Kumeta sunapite. Ukudikira kuti banja lako litheretu? Kasambe. Tikupita lero, ufune usafune."

Tinadzera tinjira ta m'mphepete mwa nkhalango, iwo akukankha njinga, ine pambuyo. Njira yonse ndinkakonza zokanena. Ndinkati ndikawafotokozera mmene pulogalamu imagwirira ntchito, amvetsa kuti sichinali cholinga changa.

Anatiyalira mphasa pabwalo pa a Naphiri. Abale anasonkhana, amuna uku, amayi uko. Nambewe anaima pakhomo la nyumba ina, mwana ali kumsana, osandiyang'ana. Achimwene anayankhula mawu onse oyenera, anapereka mbuzi, kenako anandipatsa mpata. Ine n'kuyamba.

"Amayi, ndapepesa kwambiri. Koma ndimafuna mudziwe kuti uthenga uja sindinatumize ndine. Unatumizidwa ndi makina, okha, ine osadziwa."

A Naphiri anadzuka pang'onopang'ono, analowa m'nyumba, anatuluka ndi kafoni ka mphira kaja. Ndinamva pambuyo pake kuti miyezi yonseyo ankakatchajitsa kugolosale kuti kasazime. Anakaika pamphasa patsogolo panga.

"Bambo, makina anuwo amayankhula Chichewa?"

"Ayi, amayi. Amangotumiza zimene alemberedwa."

"Ndiye mawuwa anapeka ndani?"

Ndinayang'ana achimwene, iwo anayang'ana pansi. Ndinati, "Ndine."

"Tawerengani timve ndi pakamwa panu. Tsiku lija mwana wathuyu sanamalize."

Ndinatola kafoniko. Mabatani ake anali atafufutika ndi chala cha a Kanyoza, chala chomwe chinkanditumizira manambala sabata ndi sabata osaphonya. Ndinapeza uthengawo. Mbuzi ija inkalira pamtengo. Ndinawerenga.

"Okondedwa a Kanyoza, mwalephera katatu kupereka mbatata monga tinagwirizana. Kuyambira lero dzina lanu lachotsedwa pa mndandanda wa alimi odalirika."

Ndinaima pamenepo. A Naphiri anati, "Malizani."

"Tikufunirani tsiku labwino."

Mzere womalizawo ndinkaukumbukira bwino tsiku limene ndinaulemba. Ndinauonjezera pomaliza penipeni, n'kudziyamikira kuti ndine munthu wodziwa kusamala makasitomala.

A Naphiri anatenga foni yawo, n'kuipukuta ndi chitenje. Anayankhula motsitsa, osakalipa. "Kuchipatala ankakufunsani. Ana akati tamuimbira koma sakuyankha, iwo ankati, musamusokoneze mkamwini, ali pamsonkhano, akutifunira misika."

Abale anga, ndinalira pamphasa paja ngati mwana, pamaso pa apongozi, pamaso pa ana anga. Kuyambira tsiku limenelo sindinanenenso kuti analakwa ndi makina.

Kubwerera sikunali kwa tsiku limodzi. Simukhadi ya anzanga akumowa ija achimwene anaiponya m'chimbudzi ine ndikuona. Ndinalowa kagulu ka anthu olimbana ndi mowa kamene kamakumana kutchalitchi kwathu, ndinagwako kamodzi pa Khirisimasi, ndinadzukanso. Kuti ndidye ndinkasenza matumba a mavenda omwe aja ndinkawanyoza, iwo kumandifunsa kuti rimoti yatha mabatire kodi. Ndinayenda mudzi ndi mudzi pa njinga yobwereka, kukakhala pansi ndi atsogoleri n'kuwauza lamulo lililonse limene ndinabisa m'pulogalamu muja. Ena anandithamangitsa. Ena anati tiyesenso, koma ulendo uno malamulo tipangira limodzi.

Ndiye tinakhazikitsa komiti ya alimi. Lero lamulo silimalowa m'makina lisanawerengedwe mokweza m'Chichewa pamsonkhano, ndipo timalemba amene walipempha ndi amene avomereza. Makina amaloledwa kuwerengera, kuchenjeza ndi kupereka maganizo, koma kuchotsa munthu ayi. Uthenga uliwonse wonyamula nkhani yoipa umaima kaye mpaka munthu auwerenge, ndipo munthuyo amayamba waimba foni kufunsa kuti kwagwanji. Mtsogoleri akakhala chete, pulogalamu siyerekezanso. Imaima n'kundiuza kuti ndiimbe, chifukwa munthu akakhala chete mwina wadwala, mwina foni yagwera m'madzi, mwina wakwiya nawe. M'mawa uliwonse ndimayamba kuyang'ana mudzi umodziumodzi, nambala yaikulu ija ndimaiona pomaliza. A Sandalamu anabwerera nditawaikira batani lachitatu, loti azidina pakagwa vuto, ndi malo oti azilemba zimene aona ndi maso awo. Nambewe anabwerera patadutsa chaka, ndipo chinthu choyamba chimene anaitanitsa ndi pasiwedi yolowera m'pulogalamu. Lero akhoza kuzimitsa pulogalamu yonse osandipempha.

Ndisakunamizeni, zimatopetsa. Lamulo loti ndikhoza kulemba ndisanamalize kapu ya tiyi limatenga mwezi wathunthu, anthu akukangana, wina wachedwa chifukwa cha mvula, wina akufuna tibwereze zimene tinagwirizana kale. Nthawi zina ndimatuluka pamsonkhano mutu ukuwawa, ndikufuna kungotsegula laputopu n'kuchita ndekha. Bizinesi ndi yaing'ono kuposa kale, ndipo mahotela ena mpaka pano akaona nambala yanga sayankha. Zimenezi pamaphunziro ngati ano sizinenedwa kawirikawiri. Amakuonetsani mitundu yokongola ya pa sikirini, koma funso lakuti ndani angaimitse makinawo zinthu zikavuta limasiyidwa. Inu lifunseni lero, musanaike lamulo loyamba, chifukwa chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe.

Chinthu chomaliza chimene komiti inapempha timachitcha masamba. Mudzi uliwonse uli ndi munthu mmodzi amene akatumiza liwu limodzi lakuti "zovuta", makina amasiya zonse za mudziwo. Lole siipita, uthenga sutuluka, kuwerengera kumaima, mpaka munthu yemweyo adzanene kuti masamba achotsedwa.

Titapita kumudzi kwa mkazi wanga kukasankha munthu ameneyu, alimi ambiri anali atabwerera kale m'bizinesi yathu, koma a Naphiri ayi. Mpaka lero mbatata yawo amagulitsa kwa mavenda pa Chimbiya pamtengo wolira womwe uja, ndipo ndikawadutsa atakhala pa thumba lawo m'mbali mwa msewu amandipatsa moni bwinobwino, zomwe zimandiwawa kuposa akanandida. Tsiku la msonkhanolo anabwera, anakhala kumapeto. Anthu akukankhirana udindo, iwo anakweza dzanja.

"Mbatata yanga simudzaionanso, bambo. Koma choimitsira makina anucho mundipatse ine."

Palibe anatsutsa. Nditawafunsa nambala yoti ndilembe, anatulutsa kafoni ka mphira kaja.

Mwezi wathawu ndili mu ofesi m'mawa, uthenga unalowa kuchokera pa nambala ya a Kanyoza. Liwu limodzi lokha. Ndinaona mudziwo ukuzima pa sikirini, lole ikupatsidwa njira ina, mauthenga onse ataima. Ndinatseka laputopu, ndinauza Nambewe, tinakwera njinga. Titafika pokhotera paja tinapeza masamba ali pamsewu, ndipo ndinatsika n'kuyamba kukankha.